ULENDO WA KU MAPIRI ATATU A KU MASHONALAND

Ndapempha malo m'nyuzi yathu ino kuti ndikusimbireni za ulendo umene ndinayenda pa tchuthi changa m'mwezi wa June chaka cha 2023. Ndaona kuti anyamata ambiri tsopano ayamba kukonda kukwera mapiri, ndipo pafupi tsiku liri lonse pa nyumba ya nyali pamakhala wina wondifunsa kuti, "Kodi achimwene, ku Halale kuja munayendako bwanji?" Kuyankha munthu mmodzi mmodzi kwanditopetsa, tsono ndati ndilembe kamodzi kuti yense adziwerengere yekha. Tinakwera mapiri atatu tiri anthu anai, koma potsika phiri lachitatu oyenda ndi miyendo yao tinali atatu okha. Mverani m'mene zinakhalira.

CHIMENE CHINANDITUMA

Ine kwathu ndi ku Dedza, ndipo ndimagwira ntchito pa mgodi wina ku Rustenburg. Mai anga anali ndi mlongo wao wamkulu, ndiye malume anga, amene anachoka pamudzi m'masiku a Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chija chinayamba mu 1953 ndi kutha mu 1963. Pochoka anati alikupita kukagwira zaka ziwiri zokha, apeze ya msonkho ndi njinga. Anatsata njira imene anthu athu ambiri anatsata: kutsikira ku Tete, kuoloka Zambezi, kulowa pa Nyamapanda, kupyola Mtoko ndi Mrewa. Ena masiku amenewo ankakwera malole a Ulere, amene ankanyamula ofuna ntchito osalipitsa, ena ankalembedwa ndi Mthandizi, koma ambiri ankangoyenda pansi m'magulu, kuopa zirombo ndi achifwamba. Malume sanabwerenso. Anatchona pa pulazi lina la fodya kufupi ndi Umvukwes, kumene lero akuti Mvurwi. Anakwatira komweko, nafera komweko.

Inu mukudziwa kuti basi yochokera ku Joni kunka kwathu imadzera njira yomweyo chobwerera: Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, kufikira pa chipata cha Dedza. Zaka zambiri ndakhala ndikudutsa dziko limeneli ndiri mtulo pampando. Koma chaka chimenecho mai anga, amene akalamba ndithu, anandiuza pa foni kuti, "Mwana wanga, iwe umangopyola pamene anagona mlongo wanga ngati sudziwa. Chaka chino ukatsike, ukaone mandawo, ukasesepo, udzandiuze." Mau a kholo sakanidwa. Mwa chithandizo cha anthu a mpingo tinapeza nambala ya mwana wa malume, msuweni wanga amene sindinamuonepo chibadwire, ndipo iye anati, "Bwerani, ndidzakuchingamirani ku Harare."

Za mapiri anayambitsa ndi mnzanga wa ku Ntcheu amene timagwira naye shifiti imodzi. Iye anakhalapo ku Blantyre, ndipo anaonako anthu akuyenda Michiru, Ndirande ndi Soche tsiku limodzi. Anatiuzanso kuti ku Britain kuli mpikisano wokwera Ben Nevis, Scafell Pike ndi Snowdon m'maola 24. Anati, "Ife timatsikira pansi pa nthaka tsiku ndi tsiku, kodi kukwera pamwamba kungatikanike?" Mnzathu wina wa ku Angonia anabvomera kutsagana nafe. Tinasankha Domboshava, Ngomakurira, ndi phiri lina la pa mtandadza wa Great Dyke loyang'anizana ndi pulazi limene anagwirapo malume. Sitinafune kupikisana ndi wochi. Tinapangana phiri limodzi pa tsiku.

ZOKONZEKERA

Choyamba tinasankha nyengo. Mvula ku Mashonaland imagwa kuyambira November kufikira March monga kwathu, ndipo mapiri ambiri a kumeneko ndi matanthwe osalala. Thanthwe likanyowa limaterera ngati therere, ndiponso pamalo okwera opanda mitengo munthu alibe pothawira mphezi. Kuyambira August kufikira October kuli dzuwa lowawa ndi moto wa tchire. Chifukwa chache tinasankha June, mwezi wa chisanu. Bvuto la June ndi lakuti dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko, tsono tinapangana kuti ikakwana 1 koloko masana tizitembenuka, tafika pamwamba kapena sitinafike.

Majombo a kumgodi tinawasiya, pakuti ndi olemera ndipo chitsulo chache cha kuzala chimapweteka potsika. Tinatenga nsapato zimene mapazi athu anazizolowera kale. Munthu ali yense ananyamula malita 3 a madzi, mtedza wokazinga, mbatata zophika, chipewa, jekete, tochi ndi foni yodzaza moto. Bandeji ndi mankhwala a mutu ananyamula ndine. Tinatenganso lamulo limodzi la kumgodi. Inu mukudziwa kuti a pa nyumba ya nyali amadziwa amene ali pansi, ndipo nyali imodzi ikasowa palibe amene amagona. Momwemonso ife m'mawa uli wonse tinkauza munthu wotsala kumunsi phiri limene tiri kukwera, njira yache, ndi nthawi yoti ayambe kutifuna tikachedwa.

PEPALA LA INSHUWALANSI

Tsono ndifike pa nkhani imene yandilembetsa kalata ino. Mnzanga wa ku Ntcheu atanena kuti tigule inshuwalansi ya ulendo, ine ndinakana. Ndinati, "Ndiri ndi khadi la chipatala la kuntchito, ndiri m'bungwe la maliro, ndipo munthu akabvulala amalandira chipukuta misozi. Pepala lachinai ndi la chiani?" Iye anangoti, "Safunsa anadya phula," nandikokera ku ofesi ina m'tauni. Kumeneko kalaliki wina wachizimai anatikhazika pansi natimasulira bwino lomwe.

Chipukuta misozi cha kumgodi ndi cha munthu wobvulala pa ntchito kapena wodwala nthenda ya ntchito. Ukagwa paphiri uli pa tchuthi, chimenecho sichikudziwa. Makadi ambiri a chipatala mphamvu yao imathera pa Limpopo, ena amaoloka nawe masiku owerengeka, tsono uyenera kufunsa eni ache usananyamuke. Bungwe la maliro limathandiza wakufa, osati wothyoka mwendo, ndipo si onse amene amaolotsa mtembo pa malire a maiko. Inshuwalansi ya ulendo ndiyo imalipira chipatala ukadwala mwadzidzidzi kapena kubvulala uli kunja, imalipira ambulansi, ndipo zikabvutitsitsa imakubwezera kumene unachokera, wamoyo kapena wakufa. Uyenera kuigula usanaoloke malire, ndipo masiku ndi maiko onse alembedwemo. Ife tinalembetsa Zimbabwe, Mozambique ndi Malawi, pakuti basi yathu inali kudzadzera ku Tete.

Koma abale, pepala limeneli liri ndi timau tating'ono kumbuyo kwache, ndipo nkhani yeniyeni iri pamenepo. Ena salipira ngozi ya paphiri ukapyola msinkhu umene analemba. Mapiri athu atatu safika mamita 2,000, tsono panalibe bvuto, koma wofuna kukwera Nyangani, phiri lalitali koposa onse m'Zimbabwe la mamita 2,592, kapena Sapitwa wa ku Mulanje wa mamita 3,002, ayambe wafunsa. Kukwera ndi zingwe amakuwerengera padera. Ukabvulala utaledzera salipira. Ukabvulala ukugwira ganyu salipira, pakuti pepalalo ndi la mlendo, si la wantchito. Ngozi ikaoneka uyenera kuimba nambala yao msanga, ndi kusunga malisiti onse, ndipo pa mapepala ambiri pali kagawo koyamba kamene umalipira wekha.

Anatifunsanso za matenda akale. Mnzathu wa ku Angonia anadwalapo chifuwa chachikulu, ndipo anandinong'oneza kuti asaulule, kuopa kuti angamukanize. Kalaliki uja anamva, nati, "Bambo, mukabisa lero, madokotala adzaona okha pa chithunzi cha m'chifuwa, ndipo tsiku limenelo pepala lanu lidzasanduka loyatsira moto." Anaulula. Anamulembera kuti za m'chifuwa sadzalipira, koma ngozi ndi matenda ena adzalipira. Mau amenewa ndi anu inu nonse amene muli ndi nthenda ya pfumbi, shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Onaninso kuti kampaniyo ndi yobvomerezedwa: ku South Africa amayang'anira ndi a FSCA, ku Zimbabwe a IPEC, kwathu a Reserve Bank of Malawi. Mtengo wache kwa munthu mmodzi sunafike pa mtengo wa nsapato zatsopano. Tinaturuka tikuganiza kuti tatseka mabowo onse, osadziwa kuti limodzi talisiya.

DOMBOSHAVA NDI NGOMAKURIRA

Tinatsika basi pa Roadport m'Harare kuli chisanu choluma makutu. Msuweni wanga ndinamzindikira asanalankhule, pakuti mphumi yache ndi ya mai anga yeniyeni. Ndi munthu wa imvi, wamkulu kwa ine, ndipo Chichewa chache ndi chachikale chosakaniza ndi Chishona. Mau ache oyamba anali akuti, "Asuweni, mwabwera kudzalowa chuma cha malume anu? Chilipo: khasu limodzi ndi mpando wothyoka mwendo." Tinaseka mpaka misozi, ndipo misozi ina sinali ya kuseka. Atamva za mapiri anati, "Mapiri a kuno sayendamo alendo okhaokha. Ndikutsogolerani ndine." Tinakondwa, pakuti tinapeza wodziwa chinenero ndi miyambo. Palibe mmodzi wa ife amene anakumbukira kuti tsopano tiri anai, koma mapepala ndi atatu.

Domboshava iri pa mtunda wa makilomita ngati 30 kumpoto kwa Harare, ndipo tinapitako pa kombi. Malowa amasungidwa ndi a National Museums and Monuments of Zimbabwe, ndipo pachipata umalipira. Phirili ndi thanthwe limodzi lalikuru ngati msana wa njobvu, lokutidwa ndi ndere zofiira, zachikasu ndi zobiriwira. Njira yache yaonetsedwa ndi mibvi yopakidwa pamwala. Kumunsi kuli nkhalango yotchedwa Rambakurimwa, ndiko kuti yokana kulimidwa, yodzala ndi mitengo imene iwo amati mizhanje, ife timati masuku. Kuseri kwa phiri kuli phanga lokhala ndi zithunzi za nyama ndi anthu onyamula mauta, zojambulidwa ndi alenje akalekale. Ine wa ku Dedza ndinakumbukira mapanga athu a ku Chongoni, amene a UNESCO anawalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Phanga la Domboshava linaonongedwapo mu 1998 pamene wina anathira utoto pazithunzizo, ndipo panagwa ntchito yaikuru kuzitsuka. Phirili silibvuta. Tinakwera ndi kutsika dzuwa lisanafike pamutu, ndipo tinayamba kudzitama.

M'mawa mwache tinapita ku Ngomakurira, patsogolo pang'ono m'dziko lomwelo la Chinamhora. Dzina limeneli silifuna womasulira, pakuti ndi mau athu omwe: ng'oma kulira. Eni dziko amati kale m'phirimo munkamveka ng'oma popanda woziimba. Msuweni anatilangiza kuti tisatukwane, tisanyoze chiri chonse chimene tiona, ndiponso tisasokoneze a mpingo wa Apositoli obvala zoyera amene amapemphera m'mapirimo. Phiri ili ndi lina ndithu. Ndi lotsetsereka, pena umakwawa ndi manja, ndipo mnzathu wa ku Angonia anapuma kasanu tisanafike pamwamba. Tinamdikira osadandaula, pakuti gulu limayenda ndi liwiro la wofooka. Pansi pa khoma lalitali la mwala pali zithunzi zochuruka koposa za dzulo lache, ndipo ukalankhula mau ako amabwerera kwa iwe. Madzi anatithera tiri potsika. Ndinaphunzira kuti malita 3 si ambiri ai.

KU MAPULAZI

Tsiku lachitatu linali loyenda pa galimoto. Kuchokera ku Harare kunka ku Mvurwi ndi makilomita ngati 100. Mseu umadzera pa damu la Mazowe ndi minda ya malalanje, dziko la Mbuya Nehanda amene ananyongedwa ku Salisbury mu 1898. Ukapyola pamenepo umalowa m'dziko la mapulazi: nthaka yofiira, mizere ya bulugamu, madamu ang'onoang'ono, ndi mabalani a fodya a njerwa, ena akufuka utsi pa nyengo yache, ena denga linagwa kale. Minda imeneyi anaiswa mphanje ndi manja a anthu a ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku dziko la Apwitikizi. Kufikira lero Mashona ena amatitcha Mabhurandaya, kutengera dzina la Blantyre.

Pa komboni anatilandira ngati mafumu. Nkhalamba zinabwera kudzafunsa za midzi imene zinaisiya ziri anyamata. Usiku msuweni anandisimbira za moyo wao. Kuyambira chaka cha 2000, pamene mapulazi anayamba kulandidwa ndi kugawidwa, antchito ambiri anataya ntchito ndi nyumba, ndipo ana a matchona anasowa kolowera, pakuti analibe mudzi wa makolo m'dzikomo. Ambiri zitupa zao zinalembedwa kuti ndi alendo ngakhale anabadwira pomwepo. Lamulo lalikuru la dziko la mu 2013 ndilo linati wobadwira m'Zimbabwe kwa kholo lochokera m'maiko a SADC, ngati akhala m'dzikomo, ndi nzika, ndipo pambuyo pache iye anakasintha chitupa chache. Tsopano amalima kamunda kache ndi kugwira ganyu ya fodya kwa amene anagawiridwa malowo. Alibe khadi la chipatala. Chimene ali nacho ndi bungwe la maliro la pa komboni, limene makolo athu analiyambitsa kuti mtchona asaikidwe ngati galu.

M'mawa tinapita kumanda, m'kankhalango kuseri kwa mabalani. Pamitumbira ina pali zitsulo zakale za pulawo zolembedwa dzina la munthu ndi kwao: Dedza, Ncheu, Mlanje, Fort Jameson, Tete. Tinalambula udzu, tinasesa, tinapemphera, ndipo ndinajambula chithunzi cha mai. Ntchito imene ananditumira inatha pamenepo. Ndikanakhala wanzeru ndikanathokoza Mulungu ndi kupuma. Koma panatsala phiri limodzi.

PHIRI LACHITATU

Tinayamba tapempha chilolezo kwa mwini malo ndi kwa mkuru wa mudzi, amene kumeneko amati sabhuku. Musaiwale chimenechi, pakuti ku mapulazi phiri liri lonse liri m'malo a munthu. Great Dyke ndi mtandadza wa mapiri wotalika makilomita oposa 500, wodula dziko la Zimbabwe pakati, ndipo m'kati mwache muli kulomu ndi platinamu, miyala yomwe ija timakumba ku Rustenburg. Mapiri ache sali ngati awiri oyamba aja. Palibe thanthwe losalala, mitengo ndi yochepa chifukwa nthaka yache iri ndi zitsulo zimene mitengo yambiri siizikonda, ndipo ponseponse pali udzu wautali ndi miyala yogubuduka. Palibenso mibvi yosonyeza njira.

Tinafika pamwamba isanakwane 12 koloko. Kumunsi tinaona mapulazi atayalidwa ngati mphasa, komboni, ndi kankhalango ka manda kaja. Msuweni analoza kumwera nati uko ndi ku Mutorashanga, ku migodi ya kulomu. Analozanso kumpoto nati kuseri kwa mapiri ajo, cha ku Guruve, kuli Tengenenge, kumene Tom Blomefield mu 1966 anasandutsa pulazi lache la fodya mudzi wa osema miyala, ndipo antchito a m'mapulazi, pamodzi ndi Achewa ndi Ayao, anatchuka nazo kufikira kutsidya kwa nyanja. Mmodzi wa iwo anali Fanizani Akuda, Mchewa wobadwira ku Zambia. Kenaka anati, "Bambo anga ankakwera pano Lamulungu masana, nayang'ana chakumpoto cha kum'mawa, osalankhula." Tonse tinayang'ana komweko kanthawi.

Akuluakulu anati tsoka silinunkha. Potsika tinasiya njira imene tinakwerera kuti tidule, ndipo cholakwa chimenechi ndi changa, pakuti ndine ndinanena. Msuweni anali patsogolo. Mwadzidzidzi anangozimirira m'udzu, ndipo tinamva kupfuula. Anagwera m'ngalande yakale ya ofufuza kulomu, yakuya kupyola msinkhu wa munthu, imene udzu unaiphimba. Ife anthu a mgodi, amene sitiyamba ntchito tisanagogode mwala wa kudenga ndi chitsulo, tinayenda pa phiri lokumbidwakumbidwa opanda ndi ndodo yomwe yofufuzira pansi. Mwendo wache wa kumanzere unathyoka pamsongolo. Zimene tinaphunzira kumgodi za chithandizo choyamba zinagwira ntchito: tinaletsa magazi, tinamanga mwendo pakati pa mitengo iwiri, tinamfunditsa majekete, ndipo sitinayese kuuongola.

Pamalopo foni sinkagwira. Mnzanga wa ku Ntcheu anabwerera pamwamba, naimba nambala ya pa pepala lathu. Anayankha msanga ndi mwaulemu. Anafunsa dzina la wobvulala, nalifuna m'mabuku ao, nati, "Pepani bambo, dzina limeneli palibe. Akanakhala mmodzi wa inu atatu tikanatumiza ambulansi tsopano lino." Sanalakwe. Pepala limadziwa dzina lolembedwapo lokha. Anatipatsabe nambala ya a ambulansi, koma mtengo umene anatchula unatiumitsa pakamwa. Chimene chinatipulumutsa ndi lamulo lija la nyumba ya nyali. Nthawi imene tinapangana itapyola, mkazi wa msuweni anamemeza anthu, ndipo tinaona anyamata asanu ndi mmodzi akukwera ndi bulangeti ndi mitengo ya bulugamu. Anapanga machira, tinasenza mosinthana kufikira kumunsi, pamenepo ngolo ya ng'ombe inamfikitsa pa mseu, ndipo galimoto ya mlimi wina inamtengera ku chipatala usiku.

MALIPIRO ACHE

Chithunzi chinaonetsa kuti pfupa lathyoka pawiri, ndipo anamtumiza ku Harare kuti akamuike chitsulo. Zonsezi zinafuna ndalama pamanja, ndipo ndalama zache zinali madola a ku America. A bungwe la maliro anakhala pansi, nati malamulo ao sanena za amoyo, komabe anatikongoza theka la thumba lao. Anzanga awiri anakhuthula matumba ao. Ine ndinapereka zonse zimene ndinasungira mbeu ndi feteleza wa mai. Ku Dedza ndinafika manja ali m'khosi, nditachedwa sabata yathunthu, ndiri ndi chithunzi cha manda chokha. Mai anachiyang'ana nthawi yaitali, ndipo nditawauza za feteleza anati, "Chibale ndi pfupa, sichiola. Mwana wa mlongo wanga achire, munda tidzaona." Chaka chimenecho anakolola zochepa. Msuweni anaphonya nyengo yonse yooka fodya, ndipo anayamba kuyenda ndi ndodo patapita miyezi. Ngongole ya bungwe ndinaibweza pang'onopang'ono pa malipiro anga. Pa foni amandisekabe kuti, "Asuweni, mpando wothyoka mwendo uja munaukana, tsono mwathyola mwini wache."

Tsono abale, amene mufuna kuyenda mapiri pa tchuthi, imvani izi. Inshuwalansi ya ulendo gulani, ndipo muiwerenge kumbuyo kwache musanalipire. Ife atatu sitinaigwiritse ntchito, koma sindidandaula ndalama zimenezo, pakuti ngalande ija ikanatha kumeza ine. Koma musanayambe kukwera, werengani anthu, muwerengenso mapepala. Wokutsogolerani, wokunyamulirani katundu, mbale amene mwampeza kumeneko, onsewo ali paphiri chifukwa cha inu. Kawirikawiri pepala logulidwa ku Joni silingalembe munthu wokhala m'dziko limene mukupitako, tsono mfunsireni inshuwalansi ya ngozi ya m'dziko lache lomwelo, kapena patulani ndalama zapadera zimene simudzazikhudza kufikira nonse mutatsika. Dziwani chipatala chimene chiri pafupi ndi amene ali ndi galimoto. Tsikirani njira imene munakwerera. Pa mapiri a Great Dyke yendani ndi ndodo, ndipo muziona udzu uli wonse ngati ukubisa dzenje. Siyani mau kumunsi.

Malume anga anayenda kuchokera ku Dedza kufikira ku Umvukwes wopanda pepala lina koma chitupa, ndipo chimene chinamsunga ndi anzache a paulendo ndi a pa komboni. Masiku ano tiri ndi mapepala amene iwo analibe, ndipo ndi abwino, koma amene anasenza machira tsiku lija anali adzukulu a anthu omwewo. Mukadzadutsa pa Harare pa ulendo wa kwathu, amene muli ndi abale ku mapulazi tsikani mukawaone. Mapiri alipo, ndi okongola zedi, ndipo sathawa.

Tsalani bwino nonse. Mulungu akusungeni pansi pa nthaka ndi pamwamba pomwe.

Ndine wanu,
Mnzanu wa ku Dedza.